Dzuwa Linadya Mpando wa Malemu Apongozi

Sunthirani kuno, ana inu. Pali mwambi wina umene mumaumva mukalakwitsa ntchito, ndipo chiyambi chake chinali chotere.

Pa Mitundu panali telala wina dzina lake Yotamu Kachingwe, munthu wa luso pa makina koma wodzimva zedi. Iyeyu anakwatira Elube wa kwa Chadza, ndipo atalima zaka zitatu pachikamwini anapempha chitengwa, kuti atenge mkazi wake akakhale naye kwake. Apongozi ake, aNachisale, anavomera monyinyirika.

"Mutengeni," anatero, "koma ndidzabwera mvula isanagwe kudzaona m'mene mukukhalira. Ndikadzapeza zosalongosoka, mwana wanga ndidzabwerera naye."

Potsanzikana anapatsa Elube mpando wa malemu amuna awo. Unali wa mbawa, wofiirira bwino, khushoni yake yofiira psuu. Chimwalirireni mwini wake, palibe amene anaukhalirapo.

Atafika nawo ku Mitundu, Yotamu anauika pawindo lalikulu la kumadzulo, loyang'ana kumsewu, kuti aliyense wodutsa aziona kuti m'nyumbamo muli munthu. Elube anaika kansalu koluka pokhalira, napempha katani.

"Katani ndi wa anthu obisa umphawi," anayankha Yotamu. "Ife tibisa chiyani?"

Imvani zimenezo! Munthu amene ankasokera Mitundu yonse makatani, windo lake linali yasa. Tsiku ndi tsiku dzuwa likapendeka linkalowa osaodira, n'kukhala pampandopo mpaka madzulo. Inatha miyezi isanu mlendo ameneyu akubwera.

Tsiku lina m'mwezi wa Okutobala kunabwera uthenga woti aNachisale afika Loweruka. Elube anachotsa kansalu kaja kuti akachape, ndipo anakuwa ngati waponda njoka. Pamene panali kansalu panali pofiira monga kale, koma khushoni yonse inali itasuluka. Mkono wa mpando wa kuwindo unali utatuwa mbuu, wa kukhoma uli chifiirire.

Yotamu anaona kale khasu la pachikamwini likumudikira, ndi anyamata a kwa Chadza akumuseka kuti tauni yamulavula. Mantha anamugwira enieni, osati a masewera.

"Bambo a kunyumba, pitani kwa aChimkwita akalipentala mukafunse," anatero Elube. "Iwo aja mitengo amaidziwa."

"AChimkwita? Si a kwanu omwe aja? Ndikangotsegula pakamwa lero, mawa nkhani yafika kwa amayi. Komanso ine telala wathunthu ndikafunse za nsalu kwa munthu wa utuchi? Ndisiyeni, ndithana nazo."

Lachitatu anapaka mkono wa mpando mafuta ophikira. Unanyezimira pang'ono, kenako nyerere zinabwera ndi abale awo. Lachinayi anapaka polishi wa nsapato, mkono n'kuda bii, ndipo anathera tsiku lonse akupala ndi chigamba. Nsalu ya khushoni anaganiza zoisintha, koma aNachisale anaisoka okha ndi manja, akanadziwa asanalowe n'komwe. Pamakina Yotamu anasokera munthu thumba la malaya kumsana.

Lachisanu anapita kwa aChimkwita, koma osati kukafunsa ayi. Anaima kutsidya kwa msewu, kuseri kwa mtengo wa mango, akuchita ngati akumanga chingwe cha nsapato. Anaona mayi wina wa ku Dzalanyama atabweretsa phula la njuchi. AChimkwita anabenthula kachidutswa, kuponya m'kamwa, kutafunatafuna, n'kugwedeza mutu movomereza. Analowa nalo phulalo m'shedi, ndipo patapita nthawi anatuluka akupaka tebulo ndi kansanza, tebulo n'kumawala ngati galasi.

"Ohoo," anadziuza Yotamu, mtima ukutsika. "Chinsinsi chake n'chimenechi. Amayamba alitafuna kuti lifewe."

Anathamangira kumsika, nagula chibulumwa cha phula chachikulu ngati chibakera kwa munthu woyamba amene anakumana naye.

Loweruka kutacha, Elube anapita kudepoti kukachingamira mayi ake. Yotamu anawerengera kuti basi ya kwa Chadza simafika dzuwa lisanafike pamutu, choncho anagwada pafupi ndi mpando n'kuyamba ntchito. Anaona kuti kachidutswa kamodzikamodzi kamuchedwetsa, ndiye analuma theka lonse. Phula lija linafewadi, koma linakakamira kumano, kunkhama, ngakhale pansi pa lilime. Akati alavule, silikutuluka. Akati alikoke ndi chala, likungotamuka.

"Odi kuno!"

Anali mawu a apongozi. Tsiku limenelo anapeza matola a m'mamawa.

Yotamu anayang'ana uku ndi uku. Kuthawira kuchipinda kunali kosatheka, chifukwa Elube anali atakankha kale chitseko. Anadzigwetsa pakati pa mpando ndi khomo, nanjuta, nkhope atayang'ana kumbali monga achitira mkamwini waulemu. ANachisale anakhala pamphasa, nakonza chitenje chawo.

"Tawapeza bwanji akamwini?"

Yotamu anawomba m'manja, masaya ali tutumu.

"Ndati tawapeza bwanji kuno?"

Anawombanso m'manja, mwamphamvu kuposa poyamba. Elube anamuyang'ana ndi diso loti mukundichititsa manyazi. Ana inu, kusayankha moni wa apongozi ndi mlandu woposa wa mpando. Yotamu anatsinzina, natukula khosi ngati nkhuku yakumwa madzi, n'kumeza. Phula linatsika pang'onopang'ono, misozi ili mbwembwembwe.

"Tili... tili bwino, amayi. Kaya inu mwayenda bwanji?"

"Tayenda bwino. Koma mukulira chiyani?"

"Chimwemwe, amayi."

ANachisale sanali mwana. Anaona theka la phula pansi lili ndi zipsera za mano, kenako anakweza maso n'kuona chimene mkamwini ankachitchinga ndi msana. Anadzuka, nasisita mkono wotuwa uja, nagwira khushoni imene anasoka okha. Kenako anatembenukira kwa mkamwini wawo.

"Zaka makumi atatu bambo ake Elube anasunga mpando uwu pakona, kutali ndi windo. Dzuwa likalowa m'nyumba ankaufunditsa chitenje. Inu miyezi isanu yokha mwaukalambitsa chonchi?"

"Ndimati ndiukonze, amayi. Ndi phulali."

"Nanga mano awa ndi a khoswe?"

Yotamu anaulula zonse, za mtengo wa mango ndi za aChimkwita. ANachisale anagwira pakamwa, osadziwa kuti aseke kapena alire.

"Kalanga ine! Kuluma kuja amayesa ngati wogulitsa sanasakanize ndi kandulo. Phula amalisungunula pamoto, akamwini, salidya! Ndipo ngakhale mukanapaka mtanga wonse, limangowalitsa thabwa. Mtundu umene dzuwa ladya subwerera. Mankhwala ake anali nsalu pawindo, basi. AChimkwita akanakuuzani, ngakhale mkazi wanuyu akanakuuzani."

"Ndinanena, amayi," anatero Elube chapansipansi.

"Mpando wokha sindikanadandaula kwambiri, zinthu zimatha," anapitiriza aNachisale. "Koma mwana wanga akadzadwala muno, mudzakaimanso kuseri kwa mtengo kusuzumira adokotala? Elube, manga katundu. Akamwini, munda wanu uja sitinaupereke kwa wina. Mukalime chaka chino, mwina pakamwa padzaphunzira ntchito yake."

Mawa lake anthu a pa Mitundu anaona ngolo ikulowera kwa Chadza, mutakwera makina osokera, mpando, amayi awiri, ndi telala kumbuyo atagwira pamimba. Telalayo anakhala masiku anayi akumwa madzi otentha, m'mimba muli gwa. Nkhani inafika kumudzi ngolo isanafike, ndipo dzina loti Yotamu linathera pomwepo. Ana ndi akulu omwe anamupatsa lina, limene mukulidziwa nonsenu.

Ndiye mukaona mnzanu akusuzumira ntchito patali pamene pakamwa ali napo, mukumbutseni msanga asanalume: Safunsa anadya phula.