Khofi wa a Goliati ndi Benchi la Kwaya

Pa Phalula aliyense ankadziwa kuti a Goliati sapereka moni asanamwe khofi. Kukangoti mbee, akazi awo a Sabina ankamva supuni ikulira m'kapu yachitsulo. Khofi wake wakuda bii, wopanda mkaka, m'mimba mulibe kanthu. Dzuwa likamatuluka, chilungulira chawagwira kale pachifuwa.

"Bambo, kuchipatala anati musiye."

"Iyayi, mayi. Moto umenewu ndiwo umaphika besi."

Besi, mawu aakulu a m'kwaya, anali nayodi. Akatsitsa mawu, malata a tchalitchi ankanjenjemera. Koma Lamulungu lina, pakati pa nyimbo ya mgonero, chilungulira chinakwera, mkuluyo n'kugeya mwakuti mbuzi panja inayankha. A Walter, oyimbitsa kwaya, anawachotsa pa benchi la kwaya anthu akuona.

"Kakhaleni kumbuyo, uko mukageye momasuka."

A Goliati anasunga chakukhosi chaka chathunthu. Kenaka mphwawo wa a Walter anafuna Luckness, mwana wa mlongo wawo wa a Goliati, ndipo wodzafunsira mbeta anali a Walter omwewo. Eni mbumba, a Goliati, anasankha okha tsiku: m'mawa wa Pasaka, mapemphero asanayambe.

Wodzapempha sakana chakumwa. A Walter anamwa kapu yoyamba ya khofi wa a Goliati, misozi ili lengelenge.

"Zikomo, ndakhuta."

"Kani? Ndiye kuti mbeta yathunso mwakhuta nayo?"

Anamwa makapu anayi.

M'tchalitchi a Sabina anaona a Walter akukweza manja, thukuta lili kamukamu. Pa vesi yachiwiri chinatuluka chimene chinatuluka, kwaya yonse n'kuima.

"Besi imeneyo!" anafuula a Goliati ali kumbuyo.

A Sabina anabisa nkhope m'buku la nyimbo. Mpaka lero amapempha chikhululukiro, poti anaseka m'nyumba ya Mulungu.

A Goliati anatisiya chaka chatha, chimanga chili kumunda. Kwaya ikuyimbabe, koma nyimbo zimangoyandama, pansi pake palibe wozigwira. A Walter akatembenukira kwa abambo, dzanja lawo limakhala kaye m'mwamba ngati akudikira wina.

A Sabina okha ndiwo anamva zimene amuna awo ananong'oneza a Walter pa ukwati wa Luckness, chipewa chili m'manja, a Walter n'kungoyang'ana kumbali.

"Achimwene, tafanana tsopano. Ndibwezereni pa benchi paja. Nyimbo imodzi yokha."