Bateriya imene ndinaitanitsa ndekha

Mpaka lero ku Milange kuno kuli anthu amene dzina langa lenileni salidziwa. Amangonditchula kuti a Zitini, ndipo ine ndimayankha (nanga nditani?). Dzinali sanandipatse ndi adani ayi. Ndinadzipatsa ndekha, masanasana, pamaso pa mpingo wonse, kudzera pa sipika yanga yomwe.

Zinachitika zaka zija tinkabwerera kumene kuchokera ku Malawi, nkhondo itatha. Anzanga ankawoloka Ruo atasenza malata, mabulangete, ena akukoka mbuzi. Ine ndinasenza sampula. Kwa inu amene simuidziwa, ndi chibokosi chotuwa chimene chimajambula mawu alionse, ndiye ukalumikiza kiyibodi n'kudina, mawu aja amatuluka. Ukadina cha kumanzere amatuluka ndi besi, ukadina cha kumanja amatuluka ngati a kamwana. Anandipatsa ndi bwana wina wa ku Limbe amene ankajambula makaseti a makwaya, ine ndikumusesera m'nyumba yojambuliramo. Iye anati chinatha ntchito, ine ndinati chapeza mwini wake. M'timadisiki take munali ng'oma, malipenga, limba, gulu lonse la oimba losafuna kuphikiridwa. Kudera kwathu magetsi kunalibe, choncho ndinkachiyendetsa ndi batire ya galimoto ndi kainiveta, kachipangizo kosandutsa moto wa batire kukhala ngati magetsi a m'nyumba, ndipo batireyo ndinkakatchajitsa ku Muloza pa njinga. Maukwati onse anali anga.

Kenaka kunatulukira Beto. Iyeyu nkhondo yonse anali ku Quelimane, ndipo anabwera ndi ng'oma zachizungu zija zokhala ndi mbale zachitsulo pamwamba, kuphatikizapo Chipwitikizi chotsetsereka pakamwa. Ife obwerera kuchokera ku Malawi tikalankhula, anthu ankatsinana kuti tamverani Amalawi. Beto akalankhula, ankamupatsa mpando. Munthuyu sanandilakwirepo chilichonse, ndipo chimenecho n'chimene chinkandipweteka kwambiri. Munthu wamwano umadana naye bwinobwino, koma uyu ankandipatsa moni akuvula chipewa.

Zonsezo ndikanapirira. Chimene chinandilasa ndi mawu a mkazi wanga, mayi a Tereza, amene ankatsogolera kwaya ya mpingo wathu. Tsiku lina akuchokera ku ukwati wina kumene Beto ankaimba, anakhala pakhonde, kuvula nsapato, n'kupumira m'mwamba.

"Koma ng'oma za a Beto zija zimalowa m'mafupa," anatero.

"Nanga zanga?"

"Zanunso n'zabwino, bambo a Tereza. Zimalowa m'makutu."

M'makutu! Tsiku limenelo ndinadya pang'ono. Ndinena mosabisa, nsanje inandigwira, ija yoti ukamva dzina la munthu malovu amawawa.

Mwayi wobwezera unabwera wokha. Tchalitchi chathu, chimene nkhondo inasiya chili zipupa zokhazokha, tinali titangomaliza kuchifolera ndi malata atsopano, ndipo mkulu wa mpingo, a Fernando, anati pa tsiku lotsegulira woimbira kwaya ndidzakhala ine. Beto sanali wa mpingo wathu, ndiye bwalo lonse linali langa. Ndinalumbira kuti tsiku limenelo mayi a Tereza adzamva ng'oma zanga mpaka m'mafupa, afune asafune.

Satana sagona. Kutatsala masabata ochepa, kamakina kowerenga timadisiki kaja kanafa ndi fumbi. Ndinakwera minibasi mpaka ku Limbe, kwa mkulu wina wokonza makompyuta. Iye anati kamakina ngati kameneko sikapezekanso, koma angandilumikizire hadi disiki yochokera mu kompyuta yakale ya mu ofesi. Chinali chinthu cholemera ngati njerwa, chokhala m'kabokosi kakekake, ndipo anasamutsiramo nyimbo zanga zonse malo n'kutsalabe ambiri.

"Koma achimwene, chimenechi chimadya moto," anandichenjeza. "Makamaka chikamadzuka. Kakale kaja kankadya pokhapokha kakamawerenga, koma ichi chimazungulira nthawi zonse. Kwanuko magetsi aliko?"

"Ambiri," ndinayankha (sindinafune kuti munthu wa m'tauni aziona ngati kwathu n'kuthengo).

Nditafika kunyumba ndinalumikiza zonse, n'kutenga maikolofoni kuti ndiyese ngati chinthucho chikusungadi mawu. Munthu wabwinobwino akanati "Aleluya". Koma pakamwa pamatuluka zimene zadzaza mumtima. Ndinayang'ana uku ndi uku, ndinaona kuti mayi a Tereza ali kudimba, ndiye ndinanena mokweza bwino: "Ng'oma za Beto n'zitini!" Chinasungadi, ndipo mawuwo anakakhala pamalo oyamba penipeni. Ndinawaliza ndi besi, ndinawaliza ngati kamwana, ndinaseka mpaka misozi. Zofufuta ndinati ndifufuta mawa.

Mawa lakelo ndinatanganidwa ndi vuto lina. Batire yanga, imene kale inkatha mapemphero onse n'kutsalako ya wailesi, tsopano inkafooka nyimbo zisanapite patali. Chinjerwa chija chinkangolira chamumtima ngakhale ndisakuimba, ngati chigayo chimene achisiya chikuyenda chopanda chimanga. Ndinaona kuti pafunika batire yachiwiri, ndipo woti angandipezere anali a Fernando, poti ankadziwana ndi madalaivala a malole.

Apa ndiye pamene ndinadzikumbira dzenje. A Fernando anali munthu wa Chipwitikizi chambiri, ndipo ine sindinafune kunena kuti "batire" ngati Mmalawi. Ndinali nditamva anthu akuti "bateriya", ndiye ndinakonza kukhosi.

"A Fernando, tsiku lija ndidzafuna bateriya ina."

Anandiyang'ana nthawi yaitali. "Bateriya? Inuyo? Ndimayesa muli nayo kale yanu ija?"

"Ndili nayo, koma ndi yofooka. Imathera panjira. Ndikufuna yamphamvu, yoti itifikitse kumapeto."

"Yamphamvu ndikudziwa kumene ili. Koma simudzadandaula?"

"Ndidandaule chiyani, poti ndapempha ndekha?"

"Pronto, zatheka," anatero, n'kundigwira chanza ndi manja awiri. "Mwakula, mbale wanga. Si onse angavomere zimenezi."

Ndinabwerera kunyumba ndikudabwa kuti kubwereka batire kukukulitsa bwanji munthu.

Tsiku lija linafika. Anthu anadzaza mpaka panja, ena ochokera ku Majaua, ena kutsidya kwa Ruo. Ine ndinali nditayala zida zanga kutsogolo, maso ali kumsewu kudikira batire. Kunaima kagalimoto kapikapu. Amene anatsika ndi Beto, atavala malaya oyera, akutsitsa ng'oma imodziimodzi, mbale zachitsulo zija zikung'anima padzuwa.

Ndinathamangira kwa a Fernando. "Nanga uyu akudzatani?"

"Si bateriya munapempha ija? Ndi imeneyo. Yamphamvu kuposa iyi kulibe m'boma lonse lino."

Abale anga, tsiku limenelo ndi pamene ndinaphunzira kuti pa Chipwitikizi batire ya galimoto ndi bateriya, ng'oma zachizungu zija ndi bateriyanso. Mawu amodzi, zinthu ziwiri (anthu a chiyankhulo chachikulu chonchija kusowa mawu ena?). Ndinali nditapita ndekha, ndi miyendo yanga, kukauza mkulu wa mpingo kuti ng'oma zanga n'zofooka ndipo andiitanire Beto.

Ndisanatsegule pakamwa, a Fernando anaimirira kutsogolo n'kuuza mpingo kuti pali chitsanzo cha kudzichepetsa chimene aliyense ayenera kutengerapo phunziro. Anati m'bale wathu uyu, ngakhale ali ndi luso lake, wapempha yekha kuti mnzake adzamuthandize. Anthu anaomba m'manja. Mayi a Tereza anachoka pamzere wa kwaya, anabwera pafupi, n'kundinong'oneza.

"Bambo a Tereza, sindinkadziwa kuti muli ndi mtima wotere. Mwandisangalatsa."

Maso amene anandiyang'ana nawo ndinali ndisanawaonenso chikwatiranireni. Ndiye mukuti ndikanati chiyani? Kuti ayi, ine ndimafuna ya galimoto? Ndinangoweramitsa mutu ngati woyera mtima, n'kulandira ulemu wa eni.

Komabe nsanje siimva. Ndinauza Beto kuti ayambe wadikira, nyimbo zoyamba ndiimba ndekha, ndipo iye anavomera akumwetulira. M'malo mosunga moto, ndinatsegula zonse: malipenga, limba, ng'oma zikuluzikulu, sipika mpaka kumapeto. Zinayenda bwino, ndisaname. Ndinaona phewa la mayi a Tereza likuyamba kugwedezeka, ndipo mumtima ndinati mafupa aja ayamba kumva.

Kenaka kainiveta kanayamba kulira kuti tswii, kagetsi kake kofiira kakuphethira. Pakati pa nyimbo yolowera abusa, chibokosi chinangoti zii. Kwaya inapitiriza pang'ono yokha, mawu akugwa mmodzimmodzi. Thukuta lili kamukamu, ndinazimitsa zonse, ndinagwedeza mawaya a pa batire, ndinayatsanso. Chinjerwa chija chinabuula, chinayesa kudzuka, chinabuulanso, kenaka chinazungulira mwaulesi. Moto umene unatsala unangokwanira kutenga chinthu chimodzi, chija chinali pamalo oyamba. Ine kagalasi kowerengera sindinakayang'ane. Ndinangoona kuti kayaka, basi ndinagwetsa zala zonse pa kiyibodi.

"Ng'oma za Beto n'zitini!"

Anali mawu anga, osasokonekera ndi a wina aliyense, ndipo anatuluka m'magulu atatu: besi, tenala ndi kamwana. Malata atsopano aja anawabweza bwino kwambiri. Chifukwa cha mantha ndinadinanso pena, poganiza kuti mwina patuluka lipenga.

"Ng'oma za Beto n'zitini!" kanatero kamwana kokha.

M'tchalitchi monse maso anatembenukira kwa ine. Abusa anaima pakhomo mwendo umodzi uli m'kati. A Fernando anavula magalasi. Ine ndinkafuna pansi patang'ambika, koma simenti tinali titaitsira tokha, yolimba bwino.

Amene anayamba kuseka ndi Beto. Anatola timitengo take, n'kuyamba kutsatira kayendedwe ka mawu anga aja pa ng'oma, ndipo pofika pa "zitini" ankamenya mbale yachitsulo kuti nkhwee! Anabwereza, anthu anayamba kuseka, ena kuomba m'manja motsatira. Chibokosi changa chinazimiratu osadzukanso. Beto anakhotetsa kamvekedwe kaja mwaluso mpaka kanakalowa m'nyimbo imene inadukira panjira, kwaya inailandira, abusa analowetsa mwendo wachiwiri. Anaimba mpaka mapemphero kutha, ndipo anthu anavina mpaka fumbi la simenti kukwera. Ine ndinakhala kuseri kwa chibokosi chakufa, ndipo ndinazindikira mochedwa kuti phazi langa likugunda pansi.

Pobwerera ndinkakankha njinga, chibokosi ndi batire zili pakaliyala, mayi a Tereza ali patsogolo osatembenuka. Ana a m'njira anali atayamba kale kuimba kuti zitini, zitini. Titadutsa msika ndinayesa kukonza nkhani.

"Vuto ndi chinthu chatsopano chija, mayi a Tereza. Chimadya moto kwambiri. Ngakhale wokonza uja ananena."

Anaima, n'kundiyang'ana. Maso a m'mawa aja anali atapita.

"Chimene chimadya moto m'nyumba mwathu ndikuchidziwa, bambo a Tereza. Chimazungulira usana ndi usiku, ngakhale palibe amene akuimba. Si cha m'bokosimo ayi."

Mpaka kunyumba kunkangomveka kulira kwa tcheni cha njinga.

Patapita masiku ochepa, Beto anabwera yekha kunyumba atanyamula batire yaikulu ya lole. Anavula chipewa, n'kunena kuti wamva kuti bateriya imene ndinkafuna ndi yotereyi, ndipo ndiigwiritse ntchito mpaka nditapeza yanga. Mayi a Tereza anamuyalira mkeka, ine ndinathokoza mano ali olumana.

Kuyambira pamenepo chinthu ndisanachibweretse pakhomo ndimayamba ndafunsa kuti chimadya bwanji, ndipo batire ndimaitchula kuti batire, aseke asaseke. Mawu aja ndinawafufuta mayi a Tereza ataimirira pambali kuonetsetsa. Batire ya Beto inali yamphamvudi, inandiimbitsa maukwati angapo amene iye anakana chifukwa chochuluka ntchito. Koma poti mayi a Tereza sawerenga zimene ndimalembazi, ndikuuzeni inu nokha: ng'oma zakezo n'zitini ndithu. Kungoti n'zitini zolowa m'mafupa.