Ndinamiza Sitima ndi Pensulo

Amene akukayika anyamuke akafunse a Jowawo ku Petauke, akali moyo, ndipo ndi munthu wopemphela, sanganame. Ine Lungu, woti nyanja yamchele sindinaiwonepo, ndinayendetsa sitima ya pansi pa madzi ndi pensulo, lula ndi wotchi ya pamkono basi. Mukumva?

Zinali zaka zija makampani a boma atagulitsidwa, ife oyeza minda atatiuza kuti tikapume. Ndinkangokhala pakhonde kuno ku Nyimba, ngakhale tsiku la sabata kuliiwala. A Jowawo, mnzanga wa ku Mozambiki amene anatsala kuno nkhondo itatha, anali atatsegula kashopu kotaipilamo makalata ku Petaukeko, ndipo m'kompyuta yawo munali sewelo la sitima zankhondo zoyenda pansi pa nyanja. Anandiitana dala kuti ndichoke pakhondepo.

Ndinapeza a Mwanza, aphunzitsi, akusewela. Iwo ankangodina batani limodzi, makina n'kuwawelengela zonse, bomba n'kupita lokha.

"Bambo Lungu, izi si za okalamba," anatelo. "Mutu wanu unapuma pamodzi ndi nchito."

"Zimitsani chowelengelacho," ndinayankha. "A Jowawo, ndipatseni pepala."

Ndinamiza sitima yanga, n'kutulutsa kapaipi kosuzumila pamwamba pa madzi, ndipo ndinaona sitima ya adani patali, yochepa ngati nkhupakupa pa khutu la ng'ombe, ndinayeza mlongoti wake ndi chikhadabo, liwilo lake ndi wotchi, n'kuyamba kujambula mizele, pepala litatha ndinapitiliza patebulo, tebulo litatha pakhoma, khoma litatha ndinatuluka nawo mzele pakhomo mpaka kumsika, amai ogulitsa tomato akusuntha mabeseni kuti masamu adutse. Mukumva? Nditabwelela ndinagunditsa khutu pa sipika, ndinawelenga kugunda kwa injini yawo, ndinamvanso kuti wophika wawo ali ndi chifuwa.

Ndinaponya bomba. Nthawi yomweyo magetsi anazima, kompyuta zii! A Mwanza anaseka mpaka kugwila nthiti. Ine maso pa wotchi.

"Mphindi zinayi," ndinatelo.

Itakwana yachinayi, kompyuta yozimayo inaphulika phokoso loti ngakhale agalu a kutali ku Kaumbwe anauwa, madzi amchele anatuluka kumbuyo kwake n'kufika m'mawondo, nsomba zikuphiliphitha pansi pa mipando, ndipo a Jowawo, amene nyanja amaidziwa kuchokela kwawo, analawa madziwo n'kugwetsa misozi kuti ndi nyanja yomweyo. Magetsi atabwela, pagalasi panangotsala thovu. A Mwanza anavula chipewa, n'kundipempha pensulo ija.

Nsombazo tinadya, koma chimene ndimathokozela si chimenecho. Makina akakuwelengela, amene amiza sitimayo ndi makinawo, osati iwe. Ukajambula wekha mzele, n'kudikila mtima uli m'mwamba, zikatheka ndi zako, zikalephelekanso ndi zako. Tsiku limenelo manja anga anakumbukila nchito yawo. Sabata yotsatila ndinafukula tepi yanga, ndinayamba kuyezela anthu malile a minda, ndipo mabanja amene sankapatsana moni anayambanso kubwelekana makasu. Mulungu awadalitse a Jowawo, anandibwezela mutu wanga osandiuza kuti ndikudwala. A Mwanza nawonso zikomo, chipongwe chawo chinandidzutsa.

Zoti pobwelela madzulo ake ndinakwela minibasi yolakwika n'kukatsikila ku Katete, n'zoona, sindikana. Koma kondakitala sanandipatse pepala loti ndijambulepo njila.