Tsiku Limene Ndinabweza Chilumba ndi Chipumi

Amene akunena kuti ndinagwa m'tchalitchi abwere adzanene pamaso panga! Inu a Yohana, akulu a mpingo, mukufuna kundilanda mtanda umene ndakhala ndikuunyamula patsogolo pa ansembe kuyambira musanamere ndevu, ati ndakalamba. Zandiwawa. Khalani pansi mumve.

Bipi yanga si ya munthu wamba. Namwino atandimanga lamba wake pamkono, lambayo anaphulika, asodzi a ku Kobwe, kutsidya kwa nyanja, n'kuthawira kumtunda poyesa ziphaliwali, nkhuku za ku Khuyu n'kuleka kuikira. Apo n'kuti chotupa chija cha amuna achikulire, amati prositeti, chitanditsekera madzi, ndimaima kuseri kwa mlambe mpaka mpheta kumanga chisa pachipewa changa, osatuluka ngakhale dontho. Adokotala anandipatsa piritsi limodzi la matenda onse awiri, ndipo zitatseguka kwathu ku Mbungo, nyanja inakwera, mabwato n'kulowa m'minda ya chinangwa, amayi n'kumatola usipa m'mizere, koma mpaka lero palibe wandithokoza. Mukumva?

Adokotalawo anati piritsilo ndizimwa pogona, ndipo podzuka ndizidzuka pang'onopang'ono. Ine sindilamulidwa ndi kanthu kochepa ngati njere ya nyemba. Lamulungu lija ndinameza mamawa, m'mimba mulibe kanthu, pakuti ife sitidya tisanalandire Mgonero, n'kuyenda wapansi mpaka kutchalitchi ku Chipyela.

Titagwada nthawi yaitali, ndinadzambatuka monga mwa ntchito yanga, ndipo chilumba chathu chonsechi chinapendekeka, mizati, akwaya, msika, milambe, inu nomwe ndi mimba yanuyo, zonse zikutsetsereka kulowera ku Mozambiki. Inu munali chitsinzinire kupemphera, woona ndinali ine ndekha. Ndinatsamiritsa mtanda pakhoma, n'kudziponya, n'kuchimenya chilumbacho ndi chipumi, phi! Chinabwerera m'malo mwake. Chipsera ichi mukuti ndinachigula pamsika?

Inde, tsopano ndimamwa pogona, ndipo ndimadzuka pang'onopang'ono, nditagwira benchi. Musaganize kuti ndikuopa chizungulire. Ndikuchitira inu chifundo, chifukwa chipumi ndili nacho chimodzi.

Lamulungu likudzali mtanda ndinyamula ndine. Mukaupereka kwa wina, chilumba chikadzapendekekanso, mudzachibweze ndi dazi lanulo, a Yohana!