Sitiraka ya pa Mpando wa Kumbuyo

Lolemba

Mabatire ndawayanika padzuwa, wayilesi yatsitsimuka. Nkhani yokoma! Sindikato yathu, bungwe la ife antchito a boma, ikukambirana ndi akuluakulu za malipiro atsopano ndi reforma, ndalama ya munthu wopuma pantchito. Ku Maputo ena anyanyala kale. A Mussa, mlembi wa kuchipatala amene amatiyankhulira kuno ku Metangula, akuti mayina a onyanyala adzapita pa boti Lamulungu, ndipo pokonza za reforma adzayambira amenewo. Langa lisasowepo. Imvi zafika kale m'ndevu.

Reforma yanga ndikuiona bwinobwino:
kanyumba ku Chiwanga, mtengo wa mango pakhomo;
bwato, koma wopalasa akhale wina;
tiyi wa shuga wosapempha;
tulo.

Mawa ndikunyanyala.

Lachiwiri

Kavuto. Ine ndine dalaivala wa jipi ya boma, koma jipiyo yakhala pa njerwa. Matayala anatenga asilikali chaka chimene msewu wa ku Lichinga unadzaza mabomba okwirira. Mafuta ndinaiwala ndi fungo lomwe. Ntchito yanga ndi kukhala pa chiwongolero mpaka dzuwa lipendeke. Nanga munthu wotere amanyanyala bwanji?

Ndatsala kunyumba. Palibe wandifunsa. Akazi anga andipatsa mpeni ndi dengu la chinangwa, ati ngakhale wonyanyala ali ndi manja. Msana ukuwawa. Kuntchito sindinatopepo chonchi.

Lachitatu

Sitiraka yobisala ilibe phindu, anthu aione. Ndalawira mbandakucha, ndafika ofesi isanatsegulidwe, ndakhala pa mpando wa kumbuyo, wa mabwana, manja opinda. Aliyense aone kuti chiwongolero chilibe munthu.

Kufewa kwake mpandowu! Zaka zonsezi osadziwa. Nditseka maso pang'ono, basi ndili pa reforma. Wina akundiyendetsa, msewu wosalala, wopanda bomba ndi limodzi lomwe, mphepo ikulowa pawindo. Akundifunsa mwaulemu kuti ndikufuna kutsikira pati. Ndikuti tiyeni kaye, sindikuthamangira kanthu.

Wandidzutsa mayi wogulitsa usipa. Wagwada, ati wamva kuti andikweza udindo, Mulungu ndi wamkulu. Ndamufotokozera za sindikato. Wandipatsa usipa wodzaza dzanja, ati ndisamuiwale.

A Mussa kulibe, apita ku Lunho ndi mankhwala.

Lachinayi

Pakufunika chikwangwani. Zosowa: pepala, utoto, bolodi. Zopezeka: makala.

Ndilemba pa chitseko cha jipi kuti NDANYANYALA. Sizikuoneka, fumbi lake ndi lakuda ngati makalawo. Ndiye nditsuke kaye. Ndowa, ndowa ina, kutsika kunyanja ndi kukwera. Chitseko chayera, bonati yachita manyazi, ndatsukanso. Magalasi. Denga. Ndapeza mazira a nkhuku pansi pa mpando.

Kukongola kwake! Yobiriwira monga tsiku limene ndinakaitenga ku Lichinga ndili ndi tsitsi lonse. Ndagwira khala, dzanja lakana. Ndingaidetse bwanji?

A Administradoro, bwanamkubwa wa boma lino, andiyang'ana pawindo la ofesi nthawi yaitali, akugwedeza mutu. Uthenga wafika, ndikuona. Mtima uli mbee.

Lachisanu

Kumapiri kwalira mfuti m'mawa. Masana afika anthu a ku Maniamba, mitolo pamutu, mapazi otupa, akhala pansi pa mitengo ya pa boma. Ana awo azungulira jipi. Sakusewera, sakulira, angoima. Kamtsikana kena kafunsa ngati imayenda.

Ndati ndanyanyala. Sanamve. Angondiyang'ana.

Chabwino, kamphindi kokha. Ndawakweza onse, ndakhala pa chiwongolero, injini ndikuliza ndi pakamwa. Tadutsa Maniamba osaima, Lichinga taona magetsi, pa phiri ndasintha giya onse akugwirana. Wina akuti tipite ku Likoma. Ndati jipi ya boma imayenda ndi pamadzi pomwe. Aseka mpaka kugwa. Inenso ndasangalala, sindinama.

Tili pakati pa nyanja, nditembenuka: a Mussa, chikwama paphewa, angofika kumene kuchokera ku Lunho. Andiyang'ana ine, ayang'ana chiwongolero, ayang'ana jipi yowala. Apereka moni, apita.

Loweruka

Msonkhano pabwalo, antchito tonse. A Administradoro akuti zokambirana zikupitirira, tidekhe, dziko lili pankhondo. Kenaka atchula dzina langa. Ndaima, ndikuti lero andichotsa ntchito, koma dzina lalowa m'mbiri.

"Pamene ena akuika zida pansi, kamarada mnzathu, dalaivalayu, sabata ino amafika tambala asanatsike, watsuka galimoto ya boma ndi manja ake, dzulo wanyamula ndi anthu omwe. Tengerani chitsanzo!"

M'manja mwaombedwa. Mayi wa usipa waimba nthungululu. Mphatso: tayala limodzi, lotsala pa gulu la magalimoto a asilikali, lobooka pambali. Ndakweza dzanja kuti ndifotokoze, iwo aligwira n'kuligwedeza.

Tayalalo ndalikunkhuniza mpaka kunyumba, agalu akundiperekeza.

Lamulungu

Boti lanyamuka m'mawa ndi mayina. Ndakumana ndi a Mussa pa doko. Ndawauza zonse, za chinangwa, za mpando wa kumbuyo, za makala. Amvetsera mwachifundo.

"Achimwene, ndikadalemba bwanji? Metangula yonse yakuomberani m'manja."

Akuti mwina ulendo wina. Zimenezi ndi zoona, sitiraka siitha m'dziko. Koma zandiwawa. Kanyumba ka ku Chiwanga ndikukaonabe, kungoti lero kasunthira patali.

Masana akazi anga agoneka tayala pabwalo, anola mpeni. Andiuza ndiponde pamwamba pake, ajambula phazi langa mozungulira. Akuti zituluka nsapato zanga, zawo, ndi zina zogulitsa, ndipo za tayala sizitha msanga, zidzandifikitsa pa reforma.

Ndapondetsa phazi linalo.