Khadi ya Takondwa Ikadali kwa Alembi

Ndinadandaula koyamba Lachitatu la Phulusa chaka chino, titangochoka ku Misa, phulusa likadali pamphumi. Kope la dandaulo limenelo ndili nalo (ine sinditaya pepala, ngakhale malisiti a feteleza a nthawi imene ndinkaphunzitsa ali m'katoni yawoyawo). Ndikanadziwa kumene nkhaniyi idzandifikitse, bwenzi nditangopita kudimba kukathirira kabichi.

Nkhani yake ndi ya mdzukulu wanga Takondwa, wa Fomu 3. Mayi ake, mwana wanga wamkazi, ali ku Joni kumene amagwira ntchito ya m'nyumba, ndipo mwanayu tikumulera ndife. Chaka chatha mayi akewo anamutumizira foni yakale, m'kati mwake muli khadi yodzaza nyimbo zimene ana a bwana wawo anatopa nazo. Nyimbozo akuti ndi popu panki. Ndikufotokozereni: magitala amalira ngati chigayo cha dizilo, ng'oma imathamanga ngati ikuthawa galu, ndiyeno mnyamata wachizungu amayimbira m'mphuno ngati wagwidwa ndi chimfine cha mu Juni.

Tsikulo ndinamupeza kuseri kwa nkhokwe, mahedifoni m'makutu, akugwedeza mutu ngati gulo.

"Takondwa, Lenti yayamba lero. Ngakhale Aleluya tamusiya kaye m'tchalitchi, iwe ndiye phokosoli?"

"Si phokoso, agogo. Anthuwa amayimba zimene zili mumtima mwanga."

"Mumtima mwako muli chigayo?"

"Nyimbo za kwaya zimandiuza kuti ndipirire. Agogo aakazi amati ndipirire, inunso mumati ndipirire. Izi zokha ndi zimene zimandilola kukwiya kuti amayi anapita. Zikatha ndimapuma bwino."

Ine, mphunzitsi wopuma ntchito, kuyankhidwa chotero pakhomo panga! Ndinatulutsa khadiyo m'foni, n'kuiika mu envulopu, n'kulemba dandaulo ku komiti ya makolo ya kusukulu kwawo kuti nyimbo zoterezi ziletsedwe kwa ana onse. (Komiti imeneyo ndine membala wake, ndipo malamulo ake ndinalemba ndine. Zimenezi ndinkazinena monyadira.)

Tsono munthu waulemu saneneza chinthu chimene sanachifufuze. Ndinalowetsa khadiyo m'wailesi yanga kuti ndilembe mawu onse a nyimbozo, komiti ikaone ndi maso. Vuto linali lakuti anyamatawo amameza mawu, moti mzere umodzi ndinkaubweza mpaka nditaugwira. Ndinkamvera pakhonde. Ndinkamvera kudimba, wailesi ili pamzera, ine kheni yothirira ili m'manja. Mayi a kunyumba kwanga anafika pondifunsa kuti, "Bambo, kufufuzaku kutha liti? Nkhuku zasiya kuikira."

Ndinawayankha kuti chilungamo sichithamangiridwa.

Tsiku la msonkhano tinakhala m'kalasi: wapampando a Mbewe, alembi Mayi Ngozo, ahedi, ndi makolo ena. Ndinapereka mapepala anga onse pamodzi ndi khadi, ndipo ndinaumirira kuti zilembedwe monga umboni. A Mbewe anati, "Aphunzitsi, ndi nkhani ya pakhomo iyi, sitingangokambirana basi?" Ndinakana. Ndinati zinthu ziziyenda mwadongosolo.

Kenaka ndinalowetsa khadiyo m'wailesi yanga, n'kuyatsa.

Cholinga changa chinali chabwino. Nditaona kuti anthu sakumva mawu, ndinayamba kuwatchula pamodzi ndi woyimbayo, momveka bwino, monga ndinkachitira pophunzitsa ndakatulo. Koma mawu amenewa sungawatchule pang'onopang'ono; ukachedwa ng'oma imakusiya. Ndiye ndinafulumira. Phazi langa linayamba kugwira ntchito imene sindinalitume. Pali penapake pamene zoyimbira zonse zimangoti zii, kenaka n'kuphulikanso, ndipo pamenepo ndinamenya desiki ndi fayelo yanga, phaa, osaphonya ngakhale pang'ono. A Mbewe anathimitsa wailesi osandichenjeza. Mawu anga anatsala okha m'kalasimo, ali m'mwamba, ndipo (Mulungu andikhululukire) akutulukira m'mphuno.

Kenaka Mayi Ngozo anafunsa, cholembera chili m'manja, "Pepani aphunzitsi, kuti ndilembe bwino: mukudandaula, kapena mukupempha kuti tiyambitse kwaya yake?"

Ahedi anatuluka panja kuti akatsokomole. Kutsokomola kwake ndinakumva, sikunali kutsokomola. A Mbewe, misozi ili m'maso, anati nkhaniyi yaimikidwa kufikira msonkhano wina. Ine ndinabwezera khadi mu envulopu yanga, n'kumata, kuti nditenge ndizipita.

"Ayi, aphunzitsi," anatero Mayi Ngozo. "Umboni umakhala kwa alembi mpaka nkhani itagamulidwa. Lamulo limatero."

"Lamulo limenelo analemba ndani?"

Mayi Ngozo anangondiyang'ana pamwamba pa magalasi awo.

Kunyumba Takondwa anandichingamira, n'kulandira njinga. "Agogo, khadi ija?" Ndinamufotokozera za dongosolo la komiti. Ndinkayembekeza kulira, mwinanso kumenyetsa chitseko, ndipo zimenezo ndikanadziwa kuthana nazo. Iye anangoti, "Chabwino, agogo."

Chiyambire tsikulo mwanayu wasanduka waulemu moopsa. Amagwada, amapereka moni, amandipatsa madzi osamba, basi. Kale ankang'ung'udza potsuka mbale, ankanditsutsa pa nkhani za mpira, ankandiseka ndikasokoneza mabatani a foni. Tsopano akaweruka kusukulu amakhala pakhonde, foni yopanda kanthu ili m'manja, akuyang'ana kumsewu. Mayi ake akaimba foni, iye amayankha "ee" ndi "ayi", n'kupereka foniyo kwa agogo ake aakazi. Mayi a kunyumba anandiuza mosabisa: "Mwana uja anali ndi potulutsira mkwiyo wake. Inu mwatsekapo. Ndiye muganiza ukupita kuti?"

Ndinaganiza zokonza zinthu mwakachetechete. Ndinapalasa njinga mpaka ku Linthipe, kwa bambo wina amene amaika nyimbo m'makhadi pafupi ndi msika. Bamboyo ndinamuphunzitsa Sitandade 6, koma tsopano ali ndi ndevu ndi mimba.

"Aphunzitsi! Mukufuna za kwaya?"

"Popu panki," ndinatero motsitsa mawu.

"Chiyani? Gulu lake dzina ndani?"

Mayina a magulu sindinawadziwe, ndipo mapepala a mawu aja anali kwa alembi.

"Ndiye tangoyimbani pang'ono, mwina ndiizindikira."

Ndinayang'ana uku ndi uku, n'kuyimba chapansipansi.

"Sindikumva, aphunzitsi, malole akusokosa. Kwezani. Munkatiuza nokha kuti mwana woyimbira m'khosi alibe tsogolo."

Ndinakweza. Anati ndibwereze pamene pamakwera paja. Ndinabwereza. Pocheuka ndinapeza amayi ogulitsa mbatatesi ndi tomato asiya malonda, andizungulira. Mmodzi anabwera akuvina, n'kundifupa tomato m'thumba la jekete, anzake akululutira. Apo m'pamene bamboyo anapukusa mutu n'kunena kuti, "Zimenezo ndiye sitikhala nazo, aphunzitsi. Ndinadziwa mutangoyamba. Koma mawu muli nawo."

(Mwana ameneyu ndinkamukhoma pa masamu, ndipo tsopano ndikuona kuti ankasunga chakukhosi.)

Maganizo anga sanasinthe, ndipo pasapezeke wondinamizira. Nyimbo zimenezi ndi phokoso. Pali imodzi yokha, yodekhako, ya munthu wosiyidwa pakhomo mnzake atapita kutali kukasaka moyo, imene sindinathe kuilemba mpaka kumapeto chifukwa magalasi anga ankachita nkhungu. Pa imeneyo ndilibe ndemanga. Koma ndikanena kuti ndaphunzirapo kanthu, n'chakuti polemba malamulo munthu uzisiyako kakhomo kotulukira iwe mwini.

Teremu yatha komiti isanakumanenso. Ndapita kwa a Mbewe, akuti adikira ahedi. Ahedi akangondiona amayamba kutsokomola. Mayi Ngozo akuti envulopu ili bwinobwino m'kabati, yomata monga ndinaimatira.

Choncho ine, wodandaula pa nkhaniyi, ndikupempha mwaulemu wonse kuti komiti ikhale pansi msanga ndi kundiyankha. Igamule mondikomera kapena monditsutsa, zonse ndilandira, ndipo sindichita apilo. Chachikulu umboniwo utuluke m'kabati ubwerere kwa mwini wake, chifukwa pakhomo panga pali mwana amene sakulankhula.