Magiga 160 M'mimba mwa Mvuu

Lolemba

Yafika! Hadi disiki, nkhokwe ya nyimbo ya m'kompyuta, yochokera ku Joni, alamu atumiza ndi dalaivala wa thiraki. Magiga 160. Kuyambira pa Thabwa mpaka ku Marka palibe munthu anagwirapo chinthu chotere. Ndainunkhiza. Ikununkha ndege.

Loweruka ndi ukwati wa mkulu wake wa Esinta, mtsikana amene ndikufuna kukwatira, ndipo DJ ndine. Mkwati ndi wodula nzimbe wa ku Rumphi. Anzake a pa esiteti ndi a mitundu yonse, tsono pa perekani-perekani gulu lililonse likaitanidwa lidzafuna nyimbo yakwawo. DJ wamba amatuluka thukuta kusakasaka makaseti. Ine? Chala chimodzi, khe! Malawi yense m'kabokosi.

Chachikulu si ukwatiwo ayi. Ndi a Zuze, bambo a Esinta. Mpaka lero amanditchula "mnyamata wa phokoso uja." Ndawauza pamsika, anthu akumva: magiga 160, baba! Loweruka adzandiitana ndi dzina, kenaka ankhoswe anga apite.

Ndikuona kale:
shopu ya mazenera a magalasi pano pa Nchalo,
mafani awiri, imodzi ya ine, imodzi ya Esinta,
mwana woyamba, dzina lake Giga.

Lachiwiri

Ndatsegula Mvuu. Ndi kompyuta yanga, ndinaigula pa okushoni ya katundu wakale wa ofesi. Imalemera ngati mvuu, poyaka imafwenthera ngati mvuu. M'kati mwake muli phulusa la nzimbe zootcha, mitembo ya udzudzu, ndi dzira la nalimata.

Ndalumikiza. Ndayatsa. Yalemba mizere ingapo, yafika pa dzina la mlendo, yaima. Zii!

Ndikuti ndi ulemu. Nanenso munthu wa ku Joni atandilowera m'nyumba ndikhoza kusowa chonena.

Dzuwa lafika pamutu, malata akulira, Mvuu ikadali pa mzere womwewo. Ndagona pa mkeka kuidikira. Ndalota ndikuyandama pa Shire, hadi disiki ili bwato, Esinta akupalasa ndi mawusi.

Lachitatu

Ndaitana a Mhango, okonza makompyuta ku ofesi ya esiteti. Abwera nthawi ya nkhomaliro ndi tayi yawo, kutentha konseku. Atero:

"Mazabodi yanuyi, thabwa la m'kati mwa kompyuta, ndi yamakedzana. Kaubongo kake, kamene timati bayosi, kamawerenga n'kulekeza pa 32. Kakaona zoposa apo kamakomoka."

Kukomoka! Mvuu yathunthu kuopa masamu. Ifetu tinafanana, nanenso Folomu 2 ndinaisiya pa chifukwa chomwecho.

Atulutsa kapulasitiki kakang'ono ngati njere ya mapira, akuti jampa. Akabaya kumbuyo kwa disiki kuti izinama, izinena kuti ndi yaing'ono. Tayatsa. Mvuu yafwenthera, yadzuka! Pagalasi: 32.

32 basi. Zina zonsezo zili momwemo koma zatsekeredwa. Ngati kukupatsa esiteti yonse, n'kukuuza kuti uzilima mzere wa m'mphepete mwa ngalande.

Potuluka a Mhango akuti njira ina ilipo: kaubongo katsopano ka pa fulopi, kumwetsa mazabodi. "Koma achimwene, musayerekeze. Magetsi akazima pakati, mwaika maliro." Fulopiyo ndaibwereka. Kungoiona chabe.

Lachinayi

Tsiku lonse kuthira nyimbo. Ma CD ndatolera kwa odula nzimbe, kwa akabaza, kwa amayi a kwaya. Zalowa:
utse ndi valimba za kwathu kuno,
za Atumbuka, za Ayao, za Alomwe,
rumba,
zauzimu, kuopa apongozi.

Zonse zakwana mu 32 muja, malo n'kutsala okwana kugonamo munthu. Ntchito yatha. Munthu wanzeru apa akanatseka chitseko n'kupita kukasamba.

Koma adutsa a Zuze pa njinga. Mkuluyu anakalambira pa sikelo yoyezera nzimbe, sakhulupirira ngakhale mvula asanaiyeze. Asuzumira pagalasi.

"Unati 160."

Ndati zinazo zikupuma, zatopa ndi ulendo.

"Nkhabe, ayi. Nzimbe za pakamwa sitinkalemba. Loweruka m'mawa ndidzabwera, ndiione nambala."

Esinta anali pa kaliyala. Waseka mpaka njinga kugwedera. Akaseka amaoneka ngati m'mawa wa pa Chikwawa usanatenthe. Mkazi wotere simungamupatse 32.

Fulopi ikundiyang'ana.

Lachisanu

Ndakonzeka ngati dokotala wa opaleshoni. Ndasamba m'manja. Ndathamangitsa nkhuku. Ndayang'ana kumwamba: mitambo palibe, mphepo palibe, magetsi ali nga-nga-nga kuyambira dzana.

Jampa ndazula. Fulopi ndalowetsa. Kamzere kayamba kuyenda pagalasi, pang'onopang'ono ngati ng'ombe za ku Ngabu zikudutsa msewu. Ine maso patali: Esinta mu velo, a Zuze akundigwira dzanja, Giga akulemba mayeso a udokotala.

Kamzere kafika pakati.

Chigayo cha kuseri chasiya kulira. Fani yaima. Wometa tsitsi wakuwa: "Apita!"

Apitadi.

Abweranso madzulo, opanda manyazi. Ndayatsa. Mvuu ikupuma koma maso ayi. Galasi bii. Zomwe ndayesa:
kuiuzira,
kuikupiza ndi lichero,
kuibwezera jampa wake ndi kupepesa,
kuipempherera m'Chisena, kapena Chichewa sichikumveka.

A Mhango angoti: "Ndinanena." Mawu awiri okha akanakwana, iwo asankha amodzi.

Loweruka

A Zuze abwera m'mawa monga ananenera. Ayang'ana pagalasi nthawi yaitali. Aona nkhope yawo. Akonza kolala, apita.

Ku ukwati waimba ndi Fatsani, mdani wanga, ndi wailesi ya makaseti ndi batire ya galimoto. Timakaseti take tokwana m'thumba la malaya. Batani lobwezera linathyoka kalekale, tsono pafunika munthu wobweza kaseti ndi bolopeni.

Munthuyo ndine.

Atumbuka aitanidwa, avina utse. Alomwe aitanidwa, utse. Ayao, utse womwewo. Palibe wadandaula! Fumbi kobo, mkwatibwi akulira ndi chimwemwe. Anthuwa sadziwa chomwe ataya.

Esinta wandibweretsera thobwa. "A DJ, bolopeni yanuyo ndi ya magiga angati?"

Komabe ndinene: chigwa chino sichinaonepo munthu wozunguza bolopeni ngati ine. Fatsani yemwe wavomera.

Lamulungu

Chala chatupa. Mvuu ndaifunditsa chitenje.

A Zuze aima pakhomo pochokera ku tchalitchi. Apempha disiki. Aiika pa chikhatho, aikweza, aitsitsa, maso ali chitsinzinire.

"Theka la kilo, kupitirira pang'ono. Nambala imeneyo ndiye ndaiona."

Za ankhoswe akuti tidzakambe Mvuu ikadzuka. Anditchulabe mnyamata uja, koma "wa phokoso" achotsa. Ndi kukwezedwa kumeneko.

Disiki ndatsamiritsa chitseko kuti mphepo izilowa. Ntchitoyi ikuigwira bwino, chitseko cha ku Nchalo sichinatsamirepo chinthu chodula chonchi. Nyimbo zonse zili momwemo, Malawi yense, sizinatuluke. Masana ndinaiika pakhutu. Ndikulumbira, valimba ikumveka, chapatali, cha ku magiga omwe sitinafikeko.